Ababa Ake Ati?

"Dzina langa wakalembetsa ku polisi kuti ndine mboni, unandifunsa?" anatero mlamu wanga Geresomo. Sanakweze mawu. Anali pakhonde akusoka thumba la thonje, ndipo maso ake sanachoke pa singano. "Ndinaona ninji ine?"

"Simunaone kanthu, bambo a Agnesi, tikudziwa," anayankha Otilia, mng'ono wanga. "Mukangonena kuti tsiku lija munali ku dimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mwamuna amene anatsala pakhomo pano anali mng'ono wanu yekha. Basi. Wapolisi wati mawu amenewo ndi ofunika."

"Ofunika kuti mwana wa mai anga akawolere kundende? Nkhabe, sindipita. Chibale n'fupa, sichiwola."

"Nanga uyu si fupa lanu?"

Otilia anapendeketsa mutu cha kuseri kwa nkhokwe, kumene Agnesi anakhala akuchotsa zinyalala m'thonje. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankamva zonse, koma manja ake sanaime. Lorenso, mng'ono wake wa Geresomo, anali m'chitokosi ku boma sabata yachitatu pa mlandu wogwirira mwanayu, ndipo mlanduwo unali woti ulowa Lachinayi.

Ine ndine Helena, mkulu wake wa Otilia. Ndinachoka kwathu ku Makhuwira kudzathandiza kutola thonje kuno kufupi ndi Marka, poganiza kuti ndikhala masabata awiri n'kubwerera. Pakamwa panga sipachedwa kutseguka, n'chilema changa chobadwa nacho.

"Alamu," ndinatero, "akamumasula adzagona kuti? Nyumba yake si iyo, mapazi khumi kuchoka pamene pamagona mwana?"

"Alamu, mlendo ndi mame. Za pakhomo pano zisiyeni eni ake. Tikanakhala pansi, akulu akanamudzudzula, iye akanapereka mbuzi, nkhani ikanathera m'nyumba. Inu munathamangira ku boma ngati kwapsa nyumba."

"Tinathamanga ife? Masiku anayi munatitsekera pano ndi zokambirana zanu, mwana akuyenda chogwira khoma."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, alamu. Mukaponya mwala, muswa mkhate."

"Mkhate wake unasweka kale. Si uwo uli kuseri kwa nkhokwe?"

Geresomo anadula ulusi ndi mano, n'kupinda thumba lake bwinobwino. Anati iye ku boma sapondako, olo amutumizire kalata khumi. Kenaka anaitanitsa madzi osamba, ndipo Otilia anadzuka kukawateleka, chifukwa mwamuna akaitanitsa madzi osamba amapatsidwa.

Ndimalankhula chonchi ngati munthu woyera m'manja, koma pa nkhani imeneyi ndili ndi changa. Tsiku limene zinachitika, ine ndi Otilia pochokera kumunda tinapeza Agnesi atadzipinda m'kanyumba kosungiramo thonje. Otilia anangokhala pansi. Ine ndiye ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu akanachita. Ndinatenthetsa madzi, ndinamusambitsa mwana, ndinamuthowa. Diresi yake ndinapita nayo kuchitsime, ndinaichapa katatu ndi sopo mpaka inayera ngati yatsopano, kuti mwana asadzaionenso ili momwe inalili. Patapita masiku anayi, thupi litatentha, tinamubereka mozemba kupita kuchipatala, ndipo a dokotala ndi amene anatitumiza ku polisi. Wapolisi atafunsa za diresi, ndinaitulutsa m'nsalu monyadira, yopindidwa bwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mayi, mwachapa mlandu."

Panalinso mayi wina wa nyumba yoyandikana amene anaona Lorenso akuitanira mwana m'kanyumba kaja masana amenewo. Anatinong'oneza yekha. Koma Lorenso ndiye ankalemba maina pa nthambi ya chipani m'mudzimo, ndiye ankadziwa amene wagula khadi ndi amene sanagule, amene wapita ku msonkhano ndi amene wadwala mutu wabodza. Titapita kukamupempha kuti akanene kukhoti, mayi uja anati maso ake amachita chifunga dzuwa likakwera. Sindinamukwiyire. Ndinangomutsanzika n'kubwerera.

Lachitatu m'mawa tinapeza njinga ya Geresomo palibe. Apongozi ake a Otilia anati wawoloka malire, kwamveka maliro a mbale wawo ku Mozambiki, ndipo tsiku lobwera silikudziwika. Palibe amene anatchula dzina la womwalirayo.

Lachinayi tinakwera sitima atatu, ine, Otilia ndi Agnesi, makhadi a chipani titamangira pakona ya nsalu. Agnesi anali asanakwerepo sitima. Ndinkayembekeza kuti ayang'ana pazenera, koma njira yonse anangoyang'ana mapazi ake.

Khoti linali chipinda chimodzi chofoleredwa ndi malata, chotentha ngakhale inali nyengo yozizira. Woweruza anali munthu wachikulire wovala magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Ankalankhula Chingerezi, womasulira n'kumatembenuza. Lorenso anaimirira m'kabokosi ka oimbidwa mlandu, atawonda pang'ono, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi. Loya analibe, koma anafika Fomu Thu, ndipo mapepala a mlandu anali atawawerenga.

A dokotala ndiwo anayamba. Anati mwana anavulazidwa, zimenezo n'zosakayikitsa, koma anamuona patapita masiku anayi, atasambitsidwa, choncho sangathe kunena zambiri kuposa pamenepo. Ine ndinalumbira, ndinafotokoza za madzi ofunda ndi za diresi. Woweruza analemba osandiyang'ana. Otilia naye analumbira, nati mwana anamuuza tsiku lomwelo.

"Anakuuzani kuti chiyani? Mawu ake enieni," anafunsa woweruza kudzera mwa womasulira.

"Anati, 'Ababa andipweteka.'"

"Dzina anatchula?"

"Mwana satchula dzina la munthu wamkulu, bwana. Koma ine ndinadziwa amene akunena."

"Zimene munadziwa inu tizisiye kaye. Ndikufuna zimene ananena iye."

Kenaka anamuitana Agnesi. Anamuimika pa benchi kuti mutu uoneke. Woweruza anavula magalasi, n'kuyesa kufewetsa nkhope.

"Umadziwa kulumbira, mwana iwe?"

Agnesi anazolika, woweruza n'kuyesa funso lina.

"Munthu akanama, chimamuchitikira n'chiyani?"

"Amai amamumenya," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

Anthu anaseka kumbuyo, mesenjala n'kuwakalipira. Woweruza anafunsanso za Mulungu ndi za Baibulo, koma mwana anali atamva kuseka kuja, ndipo anatseka pakamwa. Pomaliza woweruza anati mwanayu ndi wanzeru zokwanira kunena zimene akudziwa, koma tanthauzo la lumbiro salimvetsa, choncho alankhula osalumbira. Ine ndinaona ngati amuchitira chifundo. Wapolisi woimira boma ndiye anapumira m'mwamba, n'kuika cholembera chake patebulo.

Agnesi anafotokoza. Mawu ankatuluka amodziamodzi, ena m'Chisena, ena m'Chimang'anja, womasulira n'kumapendeka khutu chifukwa anali wa kumtunda. Zimene ananena sindizibwereza pano. Ndinazimva ndili khale pa benchi, mtima uli ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ukautsina sumva kanthu.

"Munthu amene anakupwetekayo ali muno?" anafunsa wapolisi.

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Muloze ndi chala."

Dzanja la Agnesi linasuntha pang'ono, n'kubwerera kumbuyo. Tinamuphunzitsa tokha zimenezo. Otilia anamumenyapo kangapo pa chala chomwecho: wamkulu salozedwa ndi chala, ndi mwano. Mwana anachita zimene amachita mwana woleredwa bwino. Anatukula chibwano, n'kusongoza milomo cha kumene kunali Lorenso.

"Waloza, bwana! Waloza ndi pakamwa!" ndinakuwa ine, mesenjala n'kundiopseza kuti anditulutsa.

Woweruza anayang'ana mbali imeneyo. Kunali Lorenso, kunali wapolisi womulondera, kunalinso womasulira ndi azibambo awiri pa benchi ya kutsogolo. Anamupempha mwana kachiwiri, kachitatu, mofatsa ndithu, kuti atukule dzanja. Agnesi anapinda manja onse kumbuyo ngati ali pamzere kusukulu.

Ndiye inafika nthawi ya Lorenso yofunsa mafunso. Ine sindinkadziwa kuti lamulo limalola zimenezo, kuti munthu yemweyo aimirire n'kumufunsa mwana maso ndi maso. Koma limalola, pakuti woimbidwa mlandu naye ali ndi ufulu wodziteteza. Analankhula ndi mawu omwe aja amene ankamuitanira kudzatenga nzimbe.

"Agnesi, mwananga, ine kunyumba umanditchula kuti ndani?"

"Ababa."

"Nanga mwamuna wa amai ako umamutchula kuti ndani?"

"Ababa."

"Akulu athu aja a ku Nyachikadza, amene amabwera kudzagona kwathu akamagulitsa nsomba?"

"Ababa."

"Ndiye ababa alipo angati?"

Mwana anawerenga mumtima. "Atatu."

"Pyadidi. Wanena zoona. Tsono ababa okubereka aja ali kuti lero? Bwanji sanabwere kudzakuperekeza?"

"Anapita ku Mozambiki."

"Anapita liti?"

"Dzulo."

Lorenso anatembenukira kwa woweruza, n'kusintha chilankhulo. Chingerezi chakecho sindinachimve, koma womasulira anatitembenuzira ife eni ake. Anati pa pepala la ku polisi, mawu a mwana analembedwa m'Chingerezi kuti anamupweteka ndi bambo wake. Sanalembe kuti bambo wamng'ono, sanalembe dzina. Anati iye sakuloza munthu chala, koma khoti lidzifunse lokha chifukwa chake bambo wake weniweni wa mwanayu wawoloka malire kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu ulowe.

Otilia anandigwira pa bondo.

Wapolisi woimira boma anaimirira, anayesa kukonza. Anamufunsa Agnesi kuti ababa ake ati, aakulu kapena aang'ono. Koma mwana anali atatopa. Anamuyang'ana Lorenso kamodzi, Lorenso naye n'kumuyang'ana, ndipo kuchokera pamenepo sanayankhenso funso lililonse.

Woweruza sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anaimitsa mlandu kwa sabata yathunthu kuti Geresomo apezeke adzanene kumene anali tsiku lija. Tinatumiza uthenga kutsidya kudzera mwa anthu ogula mchere, kawiri konse. Uthengawo ukuoneka kuti unkathera m'nyumba ya apongozi. Lachinayi linalo tinakweranso sitima, awiri okha, ine ndi Otilia.

Chigamulo anachiwerenga nthawi yaitali. Ine ndinatolapo izi. Kuti mwana anavulazidwa, khoti likuvomera. Koma umboni wa mwana wosalumbira sungamange munthu pawokha, pamafunika umboni wina wochokera pambali wouchirikiza, wosonyeza kuti wochita zimenezo ndi uyu osati wina. Wa dokotala ukusonyeza chimene chinachitika, osati amene anachita. Wa mayi ake ndi mawu a mwana yemweyo obwerezedwa. Chovala chinachapidwa. Woona ndi maso palibe. Mwana sanaloze, ndipo mawu amene anagwiritsa ntchito akukwana amuna atatu. Pamene pali chikaiko, lamulo limati womangidwa amasulidwe.

Atamaliza anatseka buku, n'kulankhula ndi Otilia m'Chichewa, osadzera mwa womasulira.

"Mayi, sindikunena kuti mwana wanu wanama. Inenso kwathu ang'ono awo a bambo anga ndimawatchula kuti bambo, ndikudziwa mmene timalankhulira. Koma sindingatsekere munthu zaka zambiri chifukwa cha zimene ndikuganiza mumtima mwanga. Ndimaweruza zimene zafika patebulo pano. Amuna anu akanabwera, mwina tikanalankhula zina."

"Zikomo, bwana," anatero Otilia, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

Tinabwerera sitima imodzi ndi Lorenso. Iye anakhala kutsogolo, akudya nthochi.

Loweruka masana Geresomo anatulukira pa njinga yake, atamanga nsomba zouma pakaliyala, nkhope ili gwa ngati munthu amene wachenjera. Anali atamva kale kumsika kuti mng'ono wake watuluka. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti azimayi amene anawapatsa moni panjira anayankha akuyang'ana kumbali, ndipo mmodzi anakoka mwana wake wamkazi n'kumuika kumbuyo. Anafunsa Otilia kuti kwagwanji. Otilia anapitiriza kupeta mapira. Ndinamuuza ndine, mawu onse a Lorenso aja monga anatulukira m'kamwa mwa womasulira, osachotsera kapena kuwonjezera.

Geresomo anasiya njinga pomwepo. Kenaka anayenda mapazi khumi aja. Lorenso anali pakhomo pake akumetedwa tsitsi la kundende ndi mai ake.

"Iwe, ndi zoona zimene ndikumvazi?"

"Achimwene, mwafika bwanji? Dzina lanu sindinatchule ine. Ndinangofunsa mafunso."

"Ndinagona m'khumbi la anthu masiku khumi chifukwa cha iwe."

"Ndinakutumani ndine? Munapita kumaliro. Si tenepo, mai?"

"Zatha izi, ana inu," anatero mai awo, lumo lili m'manja. "Boma laweruza. Madzi akatayika sawoleka. Mukufuna anthu atiseke kawiri?"

Ndinkadikira kuti Geresomo atola mtengo. Sanatole. Anabwerera pakhonde pake, n'kunena kuti Lolemba akwera sitima, akanena zonse, kuti tsiku lija anali ku dimba ndipo anthu asanu anamuona.

"Mukanena kwa yani, alamu?" ndinamufunsa. "Ifenso tinafunsa zimenezo. Wapolisi wati munthu akamasulidwa, saimbidwanso mlandu womwewo, olo mboni zibwere zodzaza ngolo. Kumudzi timati mlandu suwola. Wa ku boma ukatha, watha."

"Ndiye anthu azindiyang'ana chonchi mpaka liti?"

"Mukudandaula za maso a anthu? Ndipatseni mwanayu ndipite naye ku Makhuwira. Sukulu iliko, akakhala ndi ana anga. Inu mutsale ndi chibale chanu."

Anaganiza, ndipo ndinaona kuti mtima wake wina ukufuna. Koma anapukusa mutu.

"Nkhabe. Kwanu mwana ndi wa kuchikazi, kuno ayi. Ng'ombe za malowolo zinapita kwanu, mwana ndi wa pakhomo pano. Ndiponso ndikamuchotsa lero, anthu anena kuti ndikubisa umboni. Anena kuti n'zoona ndine."

"Ndiye akhale pano kuti dzina lanu liyere?"

Otilia anathira mapira m'dengu, n'kutenga ena. Kuyambira tsiku la chigamulo sanalirepo, sanatukwanepo munthu, ankangogwira ntchito imodzi ikatha n'kuyamba ina. Ineyo ndinkafuna nditakwiya monga ndimakwiyira, koma mkwiyo sunabwere. Ndinalowa m'nyumba kukamanga katundu wanga, chifukwa kwathu nako thonje linali likundidikira.

Nditatuluka, Geresomo anali atakhala pa mpando wake, mutu uli m'manja. Anaitana osadzutsa nkhope.

"Agnesi! Patse madzi akumwa."

Mwana anachokera kuseri kwa nyumba, anatunga madzi mumtsuko, anabwera nawo atagwira chikho ndi manja awiri. Anagwada bwinobwino monga anaphunzitsidwira.

"Madzi aja ndi awa, a Geresomo."

Lumo la apongozi linaima. Geresomo anadzutsa mutu ngati wamenyedwa khofi. Otilia anaponya lichero pansi, anafika pamene panali mwana dzanja lili m'mwamba.

"Wati chiyani? Bambo ako ukuwatchula dzina? Wakuphunzitsa ndani mwano umenewo?"

Agnesi sanathawe, sanaphimbenso kumutu. Anakhalabe chogwada, chikho chili m'manja, madzi osatayika ngakhale dontho.

"Si mwano, amai. Ndikuzolowera. Awa ndi a Geresomo, awo ndi a Lorenso." Anatukula dzanja, n'kuloza ndi chala, chowongoka bwino, kudutsa bwalo lonse mpaka pamene panakhala bambo ake aang'ono. "Kuti ulendo winawo ndikanene bwino."

Dzanja la Otilia linatsika lokha.